Doyilo la Laputopu

Dzanja langa lidadziwa singano yolukira lisanadziwe pensulo. Zilembo ndidazipeza tsitsi litayamba kale kuyera, kusukulu ya kwacha kuno ku Msongwe, ndiye mukaona mawu anga akuyenda movina musadabwe, ndimalemba momwe ndimayankhulira, ndipo ndimayankhula momwe ndimayimbira.

M'nyumba mwanga mulibe chinthu chokhala chosavala. Wayilesi ili ndi doyilo lake, kanema ali ndi lake, ngakhale fulasiki ya tiyi ili ndi kachipewa. Mzuzu ndi wa fumbi mu Okutobala, wa chinyezi mu Juni, ndipo chinthu chimene wachikonda umachifunditsa. Ndidakula choncho, ndakalamba choncho.

Chaka chake chomaliza kuyunivesite, mdzukulu wanga wamkazi adasiya kachipinda kake ka ku Luwinga, pafupi ndi sukuluyo, chifukwa cha phokoso nabwera kudzakhala nane. Ine ndimamutcha mkazi mnzanga, pakuti akadali kamwana ankati adzandilanda agogo ake aamuna. Adafika ndi chikwama chimodzi cha zovala ndi laputopu yakuda yong'aluka pakona, ndipo chimene ankachinyamula ngati khanda sichinali zovalazo.

Ndidamufunsa kuti ntchito yake yomaliza ndi yotani. Adandikhazika pampando nandifotokozera katatu, ine ndikuluka. Adati m'laputopumo muli antchito anayi osaoneka, ndipo iye ali ndi masamu a mvula ya m'mapiri athu ano, manambala ochuluka ngati mchenga, oti munthu mmodzi angafe asanawamalize. Ndiye pali zida ziwiri zolamulira antchitowo. Chida choyamba chimagawa ntchito, uyu mzere wake, uyu mzere wake, onse anayi kulima nthawi imodzi. Chachiwiri chimaphunzitsa wantchito kutapa manambala kodzaza manja m'malo motola imodzi imodzi. Iye ankafuna kuyesa kuti chimene chimamaliza msanga ndi chiti.

Chimene chidandikomera ndi chakuti zida zonse ziwiri ndi za aliyense. Adazipanga anthu a m'mayiko osiyanasiyana osadziwana nkhope, nazisiya poyera kuti wofuna atenge, atsegule aone m'kati, akapeza pothyoka akonze. Ndidati kodi anthu otere akadalipo padziko, ndipo ndidawayimbira kanyimbo pomwepo. Zidazo ndidazipatsa mayina anga, china Chogawa, china Chotapa.

Chogawa ankachiyesa masana akabwera kusukulu, atakhala pafupi ndi kabuku kake, akulemba mphindi. Chotapa ankachiyambitsa m'mawa, n'kuthamangira minibasi ya m'tauni kuti akapeze ina ya ku Luwinga, laputopu n'kutsala pathebulo ikugwira yokha ntchito. Potuluka ankangoti, “Agogo, musaizimitse.”

Sindidaizimitse ngakhale tsiku limodzi. Zimenezo ndikhoza kulumbira.

Koma unali mwezi wa Juni. Chifunga chimalowa mpaka pakhonde, zala kuuma, ndipo ine ndikusesa ndimamva kanthu kaja kakupuma movutika, fuu, fuu, ngati mwana wa chifuwa. Ndidaima ndi tsache m'manja, mtima kundiwawa. Antchito anayi, m'mawa wozizira chonchi, opanda ngakhale juzi. Ndidakhala pansi ndi ulusi wobiriwira n'kuilukira doyilo lake, lokongola kuposa la kanema. Nditaifunditsa, kupuma kudakula. Ndidati doyilo lili ndi mabowo, mphepo ikudutsa, ndiye ndidawonjeza kabulangete kamene ndidaberekera amayi ake a mtsikanayo, ndikupinda m'mbali monse bwinobwino. Dzuwa likatuluka cha m'ma leveni ndinkavundukula n'kupinda zofundazo, monga umachitira ndi mwana kukafunda. Mwini wake pofika ankapeza laputopu ili momwe adaisiyira.

Tidayenda choncho masabata atatu, ine ndikukondwa kuti nanenso ndili ndi gawo pa digiri.

Kenaka mtsikana adayamba kusintha. Tiyi ankamusiya azizire. M'kabuku mwake Chotapa chinkatuluka chaulesi, lero mphindi izi, mawa zina, zosagwirizana. Aphunzitsi ake, mayi wosaseka pa ntchito, adamubwezera mapepala nati manambalawa sakufanana ndi zimene ena apeza, ndipo sangamulole kukaima pamaso pa omuyesa ndi zinthu zimene iye mwini sangazifotokoze. Adampatsa sabata imodzi. Ikatha osapeza cholakwika, adikire chaka chamawa. Chaka chathunthu, anzake atavala mikanjo iye akuonerera.

Mtsikana adafufuza m'zolemba zake mzere ndi mzere osapeza kanthu. Ndinkamumva akudzitukwana chapansipansi kuti mwina mutu wake si wa zimenezi. Ine ndinkamuphikira mbatata, ndinkamupempherera, ndipo m'mawa uliwonse ndinkafunditsa laputopu mwachikondi choposa kale kuti nayonso ilimbe mtima.

Lachitatu adalembera anthu aja opanga Chotapa, pamalo pamene amakambirana pa intaneti, kuwafotokozera vuto lake. Ine ndidati sangayankhe mwana wa ku Msongwe. Lachinayi masana, tili pakhonde, foni yake idalira. Wina wake wakutali, sitikudziwa ngati ndi bambo kapena mayi, adayankha mwaulemu ndi mafunso angapo. Mtsikana ankandiwerengera akutembenuzira m'Chichewa, ndipo atafika pa funso lomaliza adaseka koyamba sabata imeneyo. Munthuyo ankafunsa ngati makinawo sakutentha kwambiri, pakuti akatentha amadzichepetsera okha liwiro kuti asapse.

“Kutentha ku Mzuzu mu Juni,” adatero. “Ameneyu sadafikeko kuno.”

Ine ndidaika ulusi pamiyendo, chifuwa chitatukumuka. “Muuze asade nkhawa ndi kuzizira, mkazi mnzanga. Ine ndimaifunditsa tsiku lililonse, doyilo pansi, kabulangete pamwamba.”

Adaika foni pansi. Kenaka adafunsa mwakachetechete kuti ndimaifunditsa nthawi yanji. Ndidati m'mawa akangotuluka. Adafunsanso ngati ndidafunditsapo masana iye ali pomwepo. Ndidati ayi, masana kumakhala kutafunda.

Adaika nkhope m'manja, mapewa akugwedezeka, ndipo sindidadziwe ngati akulira kapena akuseka. Zinali zonse ziwiri. Adalowa m'nyumba natenga laputopu, naitembenuza, nandionetsa timabowo ta pansi ndi m'mbali. Adati fuu fuu uja si chifuwa, ndi kafani kotulutsa kutentha, ndipo ine ndinkatseka mphuno za antchito ake ali pakati pa ntchito. Chogawa chidathamanga pabwalo, Chotapa chidathamanga chitakulungidwa m'bulangete.

Nyimbo zidandithera. Ine amene ndimayimba ngakhale potsuka mbale, ndidangokhala ndi manja pamiyendo. Ndidati mwana wanga, ndakudyera chaka. Iye adagwada pafupi ndi mpando wanga, adagwira zala zanga zolukira zija, nati, “Agogo, mwandibwezera mutu wanga. Ndimayesa ndine wopusa, kani ndi bulangete.”

Masiku amene adatsala tidagwira ntchito awiri. Laputopu tidaiika pafupi ndi zenera, titaikweza pa zitsekerero zinayi za mabotolo kuti mpweya uzidutsa pansi. Chida chilichonse adachiyesa kasanu, m'mawa ndi masana, mosinthanasinthana, kuti pasakhale chokonderedwa. Ntchito yanga inali kukhala pakhomo kuthamangitsa mphaka ndi kugwira manja anga omwe. Sizinali zophweka. Kafani kakati fuu, dzanja limapita lokha kudengu la ulusi, ndiye ndinkalikhalira.

Manambala adakhazikika. Pa masamu ochepa Chotapa chinkamaliza Chogawa chikadagawabe mizere. Pa masamu ochuluka Chogawa chinkapitirira. Atazimanga pamodzi, antchito anayi aliyense akutapa kodzaza manja, ntchito imene inkadya m'mawa wonse idatha madzi a tiyi asanawire kawiri. Ndidavina pabalaza mpaka mayi wa nyumba yoyandikana nafe adasuzumira pazenera kufunsa ngati kwabadwa mwana.

Mtsikana sadataye manambala a masabata atatu aja. Adawaika m'buku lake patsamba lawolawo, kuonetsa zimene kutentha kumachita pa liwiro, ndipo akuti aphunzitsi aja adawerenga tsambalo kawiri, nafunsa kuti bulangetelo linali lochindikala bwanji. Mtsikana adalemberanso munthu wakutali uja kumuthokoza. Ine ndidamuuza awonjezepo yewo chomene wochokera kwa agogo, ndipo adalembadi momwemo.

Mtsikana adakaima pamaso pa omuyesa sabata yotsatira, ndipo adadutsa. Mkanjo adavala chaka chomwecho pamodzi ndi anzake, ine ndili kumbuyo ndi nthungululu zanga.

Pano akugwira ntchito m'tauni, laputopu adapita nayo. Adandisiyira buku lake lomata bwino, lachikuto chakuda, limene ndimatha kuwerenga mutu wake wokha, pang'onopang'ono, chala chili pansi pa zilembo. Lili pashelefu pakati pa wayilesi ndi kanema. Doyilo lobiriwira lija lili pamwamba pake, koma ndisanaliike ndidayamba ndamuimbira foni kufunsa ngati buku limapuma. Adati ayi agogo, limeneli funditsani momwe mungafunire.