Mayi Lufina ndi Mwana Amene Sukulu Inamukana

Akhristu anzanga, mwezi uno tikulemba misozi ili m'maso, pokumbukira Mayi Lufina Ngozo, mphunzitsi wa ku Kasinje.

Anabadwira m'banja la alimi a mbatatesi. Ali mwana, maso awo sankaona patali, ndipo kusukulu ankawakhazika kumbuyo ndi kuwatchula mbutuma, mpaka sisitere wina anawasunthira pafupi ndi bolodi. Chipongwe chimenecho sanachiiwale. Atakhala mphunzitsi ankakonda kunena kuti, "Mulungu sanalenge mwana wopanda nzeru, ndife timamukhazika polakwika."

Amuna awo anamwalira msanga. Analera ana okha, manja ali mbuu ndi choko, osajomba Misa ngakhale mapemphero a mphakati.

Matabuleti ophunzirira atafika pasukulu, iwo n'kuti atamera kale imvi, ndipo aphunzitsi achinyamata ankawaseka poona mmene ankadinira ndi chala chimodzi ngati akuopa kupsa. Koma ndiwo anayamba kugawa ana m'magulu. Odziwa kuwerenga ankawatsegulira nthano, ovutika ankawabweza ku zilembo. Ankajambulamo ngakhale mawu awo, mwana aliyense kumutchula dzina.

Ndiye panali Tisungane, mtsikana amene anabwereza Sitandade 2 mpaka anzake onse anamusiya. Bambo ake, a Silvester, anabwera kudzamutenga.

"Madamu, uyu sukulu inamukana. Azikalera mng'ono wake kunyumba."

"Ndibwerekeni mwanayu mpaka mukumbe mbatatesi," anatero Mayi Lufina. "Akapanda kuwerenga, ndidzabwera naye ndekha."

Iwo anali ataona kuti mwanayo amayang'anitsitsa milomo ya wolankhula. Anamuveka mahedifoni n'kukweza mawu. Tisungane anadzidzimuka, kenako anaseka. Mutu unali bwinobwino, makutu ndiwo ankamva pang'ono. Tsiku ndi tsiku ankamvera mawu a aphunzitsi ake m'tabuleti: "Tisungane, usafulumire. Yambanso."

Nthawi yonseyi matenda ankawadya Mayi Lufina m'mimba, koma sanadandaulire munthu. Atagona, aliyense wodzawazonda ankamufunsa kuti mwana uja wafika pati. Anatisiya mwakachetechete Lamulungu m'mawa, atalandira Ukaristia, atagwira kolona. Mbatatesi zinali zisanakumbidwe. Chimene chimatiwawa kwambiri n'chakuti sanamumve Tisungane akuwerenga.

Pa Misa ya maliro, Tisungane anapempha kuwerenga mawu oyamba. Ambirife tinamuchitira mantha. Anawerenga pang'ono, n'kukakamira pa liwu lina lalitali. A Silvester anaweramitsa mutu. Mwanayo anapumira m'mwamba n'kudziuza yekha mokweza, poti kunong'ona sakudziwa: "Tisungane, usafulumire. Yambanso."

Anayambanso mpaka anamaliza. Akwaya analephera kuyambitsa salimo chifukwa cha kulira. Lolemba lotsatira, a Silvester anamuperekeza okha kusukulu.

Ambuye awakhazike Mayi Lufina kutsogolo, pafupi ndi Iwo.