Kochi watsopano ayambe wayenda m'mizere

Lolemba lapitali ndinali m'chigafa mwa a Nachisale, amene tinayandikana nyumba kuno kwa Lukwa, kuwathandiza kusoka fodya. Mvula inatitsekera kuyambira m'mawa. Aliyense anali ndi mulu wake wa masamba, manja ali bii ndi utomoni. Pamtanda ndinapachika kawailesi kanga. Ndikuti kanga, koma mwini wake anali malemu mayi a kunyumba, a Nabanda, amene ankakonda mpira kuposa ine. Timu imene ndimachemerera anandisiyira ndi iwo, monga anandisiyira mbuzi ndi mabuku a nyimbo. Dzina la timuyo sinditchula, ndingataye theka la owerenga.

Nkhani zamasewera zitayamba, tinamva mawu a kochi watsopano amene timuyi yalemba ligi itatha. Anati akufuna goloboyi wina, omwetsa zigoli awiri, ndiponso anyamata aliwiro otseka kumbuyo. Anatinso ena mwa osewera akale awatsanzika ligi yatsopano isanayambe.

A Gondwe, mnzathu wochokera kumpoto amene anakwatira m'mudzi muno, anaponya singano pansi.

"Wayowoya makora munthu uyu!" anatero m'Chitumbuka chawo, kenako n'kubwerera ku Chichewa. "Wanena zoona! Kumbuyo kwathu kuja kunali ngati chigafa chofolera ndi ukonde, kudontha paliponse. Achotse onse! Onse, ndikutero!"



A Gondwe anali ataiwala amene anakhala naye moyang'anana. Yotamu, mwana wachisamba wa a Nachisale, amasewera nambala faifi, kumbuyo komweko, m'timu yomweyo. Wakhalamo zaka zambiri, tsitsi layamba kuthawa pachipumi, ndipo kontirakiti yake inatha tsiku limene ligi inatha. Anabwera kumudzi kudzapuma ndi kudzathandiza mayi ake fodya.

"Onse, a Gondwe?" anafunsa Yotamu, maso ali pamasamba.

"Aaa, iwe ayi, mphwanga. Ndikunena anzako aja."

"Koma chigoli chodzimwetsa tokha chija, chimene munaphwanyira mpando kuvidiyo, anamwetsa ndine."

"Unaterereka! Tonse tinaona kuti unaterereka. Bwalo lija ndi dimba, si bwalo ayi."

Tinaseka mpaka misozi, Yotamu yemwe. Amene sanaseke ndi mayi ake okha.

Mvula itakata, a Nachisale anandiperekeza mpaka pamtengo wa mango wa m'malire. Anayang'ana uku ndi uku, n'kutsitsa mawu.

"A Mwale, inu ndinu akulu a mpingo. Mundithandize kupemphera. Mwana uja ntchito ina saidziwa, ndi mpira basi, ndipo ali ndi ana atatu kutauni. Mupemphere kuti kochi ameneyu asapeze mnyamata wina wa nambala faifi. Akamufuna, asowe. Akamupeza, akhale wamadzi."

"Mayi, nanga mnyamata winayo alibe mayi ake?"

"Mayi akewo akapeze mkulu wa mpingo wawo. Ine wanga ndi inu."

Ndinawayankha kuti ndamva. Kunena zoona, ndinapita kunyumba ndili ndi katundu pamutu. Kodi munthu ungagwade bwanji n'kupempha kuti mwana wa mnzako alephere? Komanso ungamukanize bwanji mayi amene unamuona akuchapa jezi ya mwana wake kuyambira ali kupulayimale?

Owerenga anzanga, musaganize kuti ndikudana ndi kochi watsopano. Timu yathu chaka chathachi inatidwalitsa mitima, ndipo inapulumuka kutuluka mu ligi ngati mbewa yotsala pa una. Goloboyi wathu ndi mmodzi, akatsokomola tonse timadwala. Kutsogolo tili ndi anyamata othamanga bwino, odziwa kuvina ndi mpira, koma akafika pagolo amachita ngati mkamwini wofika kwa apongozi, manyazi okhaokha. Pamenepo kochi sakunama. Akuluakulu anati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Ifeyo tinazolowera ndevu zathu.

Chimene chimandiopsa ndi mawu a a Gondwe aja, akuti onse. Mawu amenewo ndinawamvapo kale, ndipo ndinaona kumene anathera.

Ndili ndi mphamvu zanga ndinagwirapo ukapitawo pa esiteti ina ya fodya wa bale cha kwa Njombwa. Chaka china fodya sanachite bwino, eni esiteti n'kubweretsa manijala watsopano. Anali munthu wophunzira, wakhama, wodzuka tambala asanalire. Zambiri anakonza, ndisamunamizire. Koma sabata yake yoyamba analamula kuti matenanti onse akale apite, iye abweretsa akwawo amene amawadziwa. Lole inabwera kudzatenga mabanja, ina n'kubweretsa ena.

M'gulu la opitawo munali a Likhutcha, mkulu wa ku Phalombe amene anakhala pamalopo nthawi yaitali kuposa ife tonse. Mphamvu zinali zitayamba kuwathera, mizere yawo inkachedwa kutha. Koma iwowo ndi amene ankadziwa mbiri ya munda uliwonse. Ankadziwa kuti uwu wapuma zaka zokwanira, uwu sunapume, apa pamadikha madzi, apa pali nyerere.

Panali munda wina wokongola pafupi ndi msewu, wosalala, udzu wake wobiriwira. Manijala atauona anati fodya woyamba alowe mmenemo, alendo odutsa aziona. Sanadziwe kuti tinausiya dala chifukwa nthaka yake inali ndi tizilombo totupitsa mizu, ndipo unali utangopuma chaka chimodzi. A Likhutcha akanakhalapo akananena, poti iwo sankaopa tayi ya munthu. Ine ndinkadziwa pang'ono, koma ndinati munthu wasukulu akudziwa zimene akuchita, ndipo ndinakhala chete. Kukhala chete kumeneko ndimakulapabe.

Pofika Januwale fodya uja anali wachikasu, wofupika ngati therere. Ukazula, mizu ili mfundomfundo. Alendo odutsa pamsewu anaonadi.

Safunsa anadya phula.

Chaka chotsatira manijala yemweyo anatuma munthu ku Phalombe kukawatenga a Likhutcha. Anakana. Anati apeza pokhala, ndipo miyendo yawo yatopa ndi malole.

Khalidwe limeneli si la ku esiteti kokha. Mphunzitsi wamkulu watsopano akafika pasukulu, choyamba ndi kusintha komiti. Bwana watsopano muofesi amasintha ndi malo oika tebulo omwe. Ngakhale kumpingo, ndinene motsitsa mawu, abusa atsopano akafika kwaya imagona tulo tochepa. Timaganiza kuti munthu watsopano akapanda kugwetsa kanthu, anthu sadziwa kuti wafika. Ndipo ife oonerera ndi amene timamukolezera. Timafuna kumva phokoso la nkhwangwa.

Mu mpira ndiye zimanyanya. Ligi ikangotha, mwamuna aliyense wokhala pabenchi ya telala kwa Mwase amasanduka kochi. Uyu achoke, uyu agulidwe, uja wakalamba. Munthu amene kunyumba kwake walephera kusankha tambala wosiya m'khola amasankha osewera khumi ndi mmodzi m'mphindi ziwiri. Ngakhale ine anzanga akhala akundiuza kuti nthawi yakwana, ndilowe pamsika ndikasaine wina m'malo mwa a Nabanda. Ndimawayankha kuti pamalo pamenepo jezi ndinaipachika.

Mlimi wa fodya aliyense amadziwa chochita akawokera mbande. Pakapita masiku ochepa amayenda m'mizere, phando ndi phando, kuona pamene pafa. Kenako amapita ku nazale, n'kutenga mbande zimene anasunga, kudzapakiza pomwe pafapo. Sazula munda wonse chifukwa choti mapando makumi awiri auma. Komanso sasiya mipata chifukwa chomvera chisoni mbande youma. Ntchito yagona pa kuyendako. Sungapakize uli pakhonde, ndipo sungapakize pofunsa anthu a pamsewu kuti munda ukuoneka bwanji.

Ine mpira ndimaudziwa pang'ono, koma nthawi zochepa zimene ndinapita kubwalo ndi a Nabanda ndinaona chinthu chimene wailesi sinena. Yotamu sathamanganso ngati kale, zimenezo n'zoona, ndipo mnyamata waliwiro akamutembenuza amatsala akuwerenga nambala ya kumsana. Koma kwa mphindi zonse pakamwa pake sipatseka. Iwe bwerera, iwe tseka uko, musiye ameneyo ndi wanga. Amadziwa mnzake amene amakomoka mtima akalalatiridwa, ndi amene amadzuka akalalatiridwa. Amadziwa bwalo limene mpira umadumpha ngati chule. Zinthu zimenezi sizilembedwa papepala limene kochi watsopano amalandira. Zimakwera lole limodzi ndi mwini wake.

Tsono ndinapemphera chiyani?

Lachiwiri m'mawa, nditatha kuwerenga mawu, ndinanena ndi Mwini zonse monga ndimanenera masiku onse, mosakometsa. Ndinati za nambala faifi ine sindizidziwa, ndipo mwana wa mayi winayo sindingamutchere msampha. Ndinangopempha kuti kochiyo apatsidwe mtima wofunsa asanazule, ndi kuti Yotamu apatsidwe mtima wolandira yankho lililonse ali chilili.

Nditawauza a Nachisale zimene ndinapempha, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi.

"Ndinakutumani mchere, mwabwera ndi soda."

Lachinayi masana tinalinso m'chigafa chomwecho, tsopano tikupachika mikangala, ndodo zokolekapo fodya wosoka. Yotamu anali pamwamba, ine ndi a Gondwe tikumupatsira. Foni inalira m'thumba mwake. Atayang'ana, anatsika mofulumira moti anatsala pang'ono kutigwera, n'kuthamangira pachulu pamene pamagwira netiweki. Tinamuona akuvula chipewa, ngati kuti woimbayo akumuona. Mayi ake anaima ndi mkangala m'manja osaupachika, osauika pansi.

Yotamu anabwerera akuyenda pang'onopang'ono.

"Tanena, iwe!" anatero a Gondwe. "Ukufuna tife?"

"Anali kochi. Akuti ndipite Lolemba, anzanga asanafike. Akufuna tikhale pansi ndiwauze za timu, munthu mmodzimmodzi. Akuti aonera masewera athu onse pa vidiyo, koma vidiyo ilibe makutu."

"Ndiye wakusunga?" anafunsa mayi ake.

"Chaka chimodzi. Koma nambala faifi wina amupeza kale, kamnyamata ka ku Karonga. Akuti kamathamanga ngati gwape koma sikadziwa poima. Ndizikaphunzitsa. Masewera ena ndiziyamba ine, ambiri ndizikhala pabenchi."

"Wa ku Karonga!" anakuwa a Gondwe. "Mwana wakwithu! Basi ligi tatenga!" Atakumbukira za Yotamu, anatsokomola. "Komabe iwe ndiwe mwini malo, mphwanga. Ndinanena kale ine kuti Yotamu asachoke."

"Munanena liti?" tinafunsa tonse pamodzi.

A Nachisale anapachika mkangala wawo bwinobwino, n'kupukuta manja pachitenje. Kenako anatembenukira kwa ine.

"A Mwale, pemphero lanu lija lafika theka. Mukanapempha monga ndinakuuzirani, bwenzi mwana wanga ali m'bwalo, osati pabenchi."

"Mayi, theka linalo lapita ku Karonga."

Anafuna kukwiya, koma anangomwetulira. Madzulo ake anatumiza mbale ya mawungu kunyumba kwanga, yodzadza, osati theka.

Kaya kochi ameneyu achita bwino, sindikudziwa. Goloboyi sanamupezebe, ndipo omwetsa zigoli sagulitsidwa pamulu ngati tomato. Mwina pofika pakati pa ligi tidzakhala tikumunena, a Gondwe akutsogolera nyimbo. Sindifulumira kuweruza munthu, ndipo sindifulumiranso kumuveka nkhata. Ndangoona kuti asanatenge khasu wayamba waitana munthu wodziwa munda, chinthu chimene manijala wathu uja anachichita mochedwa ndi chaka chathunthu.

Yotamu anyamuka Lamulungu tikaweruka ku tchalitchi. Fodya wa mayi ake wotsalayo tipachika ndi a Gondwe, chikhale chindapusa chawo.

Nanga inu amene mwangopatsidwa kumene makiyi, kaya a ofesi, a sukulu, a sitolo kapena a vesitili ya kutchalitchi, mndandanda wa oti achoke uli kale m'thumba. Musanauwerenge, mwafunsa ndani kuti munda wokongola wa pamsewu uja anausiyiranji?