Kiriketi ya pa Foni ku South Bend

Mwana wa achimwene anga anabwera kuno ku Amereka kudzera mwa ine. Ndine ndinamupezera malo pa koleji ina ku South Bend kuti aphunzire za unamwino, ndinenso ndinapempha banja lina lachimalawi la kumeneko, lomwe tinadziwana ku zochitika za mpingo, kuti lizimusunga. Ineyo ndimakhala ku Beech Grove, m'mbali mwa Indianapolis, ndipo ndimagwira ntchito yosamalira okalamba. Pakati pathu panali mtunda, choncho tinkaonana pa tchuthi pokha.

Ndinkadziwa kuti kumudzi mtsikanayu ankasewera kiriketi. Bambo ake ankazitchula moseka pa foni, amvekere mwana wanu uyu akungokhalira kugenda timitengo ku Blantyre. Ndinamvanso kuti anakwerapo basi ndi anzake kukasewera kunja kwa dziko. Kwa ine zinali ngati netiboli yomwe tonse tinasewera ku sekondale, n'kuisiya tsiku lolemba mayeso omaliza.

Chakumapeto kwa nyengo yozizira, m'chaka chake choyamba, mayi wa pa nyumba ija anandiimbira ndili pa shifiti.

"Achemwali, bwerani mudzamuone mwana wanu. Sabata ino sanapite ku kalasi. Chakudya tikumusiyira pakhomo, akungotomola pang'ono. Ndikafunsa akuti ali bwino."

Ndinaganiza za mimba, ndinaganizanso za mwamuna. Loweruka ndinadzuka m'mamawa n'kudiraiva kupita kumpoto. Minda ya chimanga inali mbee, yopanda kanthu, ndipo nditayandikira South Bend m'mbali mwa msewu munali chipale chakuda ndi utsi wa magalimoto.

Ndinamupeza m'chipinda chake cha pansi, atadzikulunga bulangete, foni ataitsamiritsa pa mabuku a sukulu. Anadzuka kundilonjera, koma maso ankabwerera pa foni paja. Panali bwalo lowala ndi dzuwa, ndi atsikana akuda ngati ife, ovala mayunifomu a mitundumitundu.

"N'chiyani chimenechi?"

"Masewera a mayiko a mu Africa, azakhali. Aja amakhala ndi othamanga, osambira, ankhonya, onse pamodzi. Ulendo uno aikamo kiriketi ya atsikana."

"Ndiye Malawi ili pati?"

"Kulibe. Sitinafikepo."

Ndinapuma pang'ono, poti sinali mimba. Ndinatsala pang'ono kuseka. Kenako analoza mtsikana wamtali yemwe ankamenya mpira ndi thabwa, wa dziko lina loyandikana ndi Malawi.

"Uyu ndinamutulutsapo ine. Ndinaponya mpira, unadutsa pansi pa thabwa lake, timitengo tonse gwa! Tikudya madzulo anabwera kudzandifunsa mmene ndimagwirira mpira. Lero ndi uyo, dziko lake lonse likumuonera. Ine ndili muno ndikuloweza maina a mafupa."

Sanalire. Ankalankhula motsitsa, ngati akundiuza za maliro a munthu amene ine sindimudziwa. Ndinakhala pa bedi n'kuonera naye mpaka masewerawo anatha. Malamulo ake sindinawamve, ngakhale ankayesetsa kundifotokozera. Chomwe ndinaona n'chakuti woponya aliyense akayamba kuthamanga, zala za mwanayu zinkapindika pa bulangete, ndipo phewa lake linkanyamuka lokha.

Titakwera ku khitchini ndinamukalipira. Ndinamuuza kuti viza yake ndi ya sukulu, akapitiriza kujomba amubweza. Ndinamuuza za atsikana a kwathu amene akugona pa mzere kufuna mwayi ngati wakewu. Anayankha kuti wamva, n'kumwa tiyi wake.

Tsiku lomwelo ndinamutenga kuti akakhale nane pa tchuthi chachifupi chomwe chinali pafupi kuyamba. M'galimoto, titayenda kamtunda ndithu, anati:

"Azakhali, ndikufuna kubwerera. Anzanga akuti ayamba kale kukonzekera kuti ulendo wina tidzapezekeko."

"Ukadya chiyani?"

"Sindikudziwa."

Ndinaimbira bambo ake tsiku lotsatira. Achimwene ndi munthu wofatsa, koma tsiku limenelo mawu awo anakwera mpaka ndinachotsa foni ku khutu. "Chemwali, mwana ndinakupatsani inu. Anthu kuno tinawatsanzika, abusa anamupempherera pa guwa. Abwere kudzatani? Mumuuze kuti pakhomo pano kiriketi sitidya." Mtsikanayo anali pa mpando pomwepo, ndipo anamva zonse.

Ndinaganiza kuti mwina atapeza posewerera konkuno mtima ukhala pansi. Ku ntchito kunali dokotala wina wochokera ku India amene ankabwera kudzaona okalamba athu. Nditamufunsa, nkhope yake inawala. Anati kuzizira kukangotha amasewera Loweruka lililonse pa bwalo lina chakum'mawa kwa mzinda, ndipo mtsikanayo abwere.

Udzu utayamba kubiriwira ndinakamutenganso ku South Bend. Anavala nsapato zake zakale zomwe sindinkadziwa kuti anabwera nazo kuno. Pa bwalopo panali amuna okhaokha, ena a mimba zawo, ena anyamata a ku yunivesite, akazi awo atakhala pa mipando yopinda kutali ndi mabokosi a zakudya. Anatilandira bwino. Dokotala uja anamupatsa mpira kuti aponye pa malo ophunzirira, otchingidwa ndi ukonde.

Mpira woyamba unapita kumbali kwenikweni. Wachiwiri unagunda pansi pafupi ndi mapazi ake omwe. Amuna aja anayang'anana, wina n'kunena mokoma mtima kuti asafulumire. Mtsikanayo anabwerera m'mbuyo, napukuta dzanja pa thalauza, n'kuthamanganso. Pang'ono ndi pang'ono mkono unakumbuka. Mnyamata wina yemwe ankamenya mosasamala anadzidzimuka mpira utamudutsa n'kugwetsa kamtengo ka pakati. Anzake anamuseka kwambiri, ndipo ena anasiya zomwe ankachita kudzaonerera.

Nthawi ya masewera enieni itakwana, dokotala anabwera kwa ife akusisita manja. Anati mpikisano wawo ndi wa amuna, maina analembetsa kale, ndipo timu ya akazi kuno kulibe. Anamvapo kuti ku Chicago kuli atsikana ena amene amakumana mwa apo ndi apo. Anati azibwera ndithu kudzawaponyera pokonzekera, awathandiza kwambiri.

Tinakhala pa benchi n'kuonera amuna aja akusewera. Mayi wina anatibweretsera mpunga wa tsabola m'timbale ta pepala. Mwanayu anathokoza, nadya pang'ono. Pobwerera anavula nsapato zija n'kuziika pa miyendo.

"Mwaona, azakhali? Chaka chimodzi chokha, mkono wayamba kale kuiwala. Ndikamaliza sukulu kuno ndidzakhala nditatha."

Ndasamalira anthu ambiri amene thupi linawathawa, ndipo ndikudziwa kuti silidikira munthu.

Semesita anaimaliza, mayeso anakhoza, ngakhale sanakhoze bwino. Kenako anandiuza kuti wagula tikiti ndi zomwe ankapeza pogwira ntchito ku kantini ya pa koleji. Sanandipemphe chilolezo, anangopempha kuti ndikamutule ku bwalo la ndege. Sabata yomaliza, ali kwanga, ndinayesa zonse. Ndinamuitanira amayi a ku tchalitchi, anamuzungulira m'chipinda changa chochezera, wina akupemphera, wina akumuuza kuti akangotuluka m'dziko muno asayembekeze kuti chitseko chidzatsegukanso. Iye anagwada powapatsa moni, anawaphikira tiyi, anamvetsera mpaka anamaliza. Atapita anakapitiriza kulongedza.

Ndikanatha kukana kumuperekeza. Ena anandiuza kuti ndibise pasipoti yake, ndipo usiku wina ndinaigwiradi m'manja. Koma ndi munthu wamkulu, ndipo pasipotiyo ndi yake. Ndinamutula. Pa khomo lolowera anandikumbatira nati, "Musadandaule, azakhali, bambo ndikalankhula nawo ndekha."

Achimwene sanakamulandire ku Chileka. Mtsikanayo anakafikira kwa mnzake wa m'timu ku Ndirande. Kwa ine achimwene anangotumiza mawu amodzi pa foni, akuti zikomo chifukwa cha ntchito yomwe mwagwira. Kuchokera pamenepo ndikaimba amayankha alamu anga, n'kunena kuti bambo atuluka.

Kumudzi sanakapeze zomwe anasiya. Pa malo pake panali patalowa atsikana ang'onoang'ono, othamanga kuposa iye. Anamuitana kokonzekera, anapita mokhulupirika, koma posankha timu yopita kunja dzina lake silinatuluke. Anandiuza yekha pa foni, mawu ali phee ngati tsiku lija m'chipinda cha pansi. Ndinamufunsa ngati akufuna ndiyesenso za sukulu. Anati ayi, ayesanso za timu chaka chamawa.

Pano amagulitsa mu shopu ya mankhwala ku Limbe. Madzulo amaphunzitsa kiriketi ana aakazi a pa pulayimale ina, pa bwalo la fumbi lomwe amalimbirana ndi anyamata a mpira wa miyendo. Amanditumizira timavidiyo. Ndimamumva akukuwa kuti mkono uwongoke, tiana tikuthamanga opanda nsapato. Waonda. Nthawi zina amaoneka wosangalala, nthawi zina sindidziwa.

Ku tchalitchi anthu anasiya kundifunsa za iye. Mayi wa ku South Bend uja chipinda anapatsa mtsikana wina wochokera ku Mzuzu, yemwe akuti ndi wakhama kwambiri. Mwezi wathawu alamu anga anandiuza monong'ona kuti mwanayu anapita kunyumba kukaona bambo ake atadwala malungo. Analowa, anakhala pansi pafupi ndi bedi, ndipo achimwene analandira phala lomwe anawapatsa. Za kiriketi sanatchule aliyense. Ine achimwene sanandiimbirebe.