Chumuni Chomaliza cha a Norbert Daigle

Amuna anga, a Norbert Daigle, akhala akukwera madenga kuno kumpoto kwa Maine zaka zoposa makumi anayi, ndipo ine Jeannine ndakalamba nditagwirira makwerero. Ntchito yawo ndi machumuni. Kunyumba amabwera ali bii, mano okha mbee, moti za matawulo oyera ndinaiwalako kalekale.

Tili achinyamata mafuta otenthetsera nyumba anakwera mtengo, aliyense n'kuthamangira chitofu cha nkhuni. Munthu ankagula chitofu chachitsulo n'kuchikankhira m'bowo la pakhoma momwe makolo ankasonkhamo moto, basi, utsi uzidzionera wokha njira. Za paipi yochokera pachitofu kukatulukira pamwamba panalibe ankaziganizira. A Norbert anaika zitofu zotero dera lonse lino. Sitinkadziwa kuti utsi ukazizira m'chumuni chotakasuka umasiya phula, ndipo phulalo tsiku lina limayaka.

Linayaka mu Januwale wa 1982 kwa Lucien Sirois. Mnyamatayo anali atagona masana, ataweruka kumakina ocheka matabwa, ndipo sanatuluke. Palibe khoti linawaitana amuna anga, poti aliyense ankaika choncho. Koma kuyambira pamenepo munthu uja anasiya kuimba mluzu. Anayamba kuyendera nyumba zonse zomwe anaikamo zitofu, kuzula chitofu, kupala phula, n'kutsitsa paipi m'chumuni. Ena ankawalandira ndi khofi, ena ankati, "Mwasowa chochita, bambo? Chikuyaka bwinobwino ichi." Iwo ankangobwererako chaka chinacho, mpaka mwini nyumba atatopa nawo. Nyumba zoti akonze zinali makumi atatu. Pofika chaka chatha inatsala imodzi, ya Odile Bouchard, mlongo wake wa Lucien.

Odile sankawatsegulira n'komwe. Kutchalitchi akationa ankasintha benchi. Chaka ndi chaka, masamba akayamba kuyoyoka, a Norbert ankakagogoda chipewa chili m'manja, n'kubwerako kudzakhala patebulo osadya, mbatata zikuzizira. Zinkandiwawa, komanso zinkandikwiyitsa. M'mawa uliwonse wachisanu ankazungulira dala msewu wa kwa mayiyo kuti aone utsi wake.

Mu Seputembala chizungulire chinawagwira ali padenga. Dokotala sanazungulire: chipale chofewa chikayamba kugwa, makwerero atsazikane nawo mpaka kalekale. Apo ndinavala jekete n'kupita ndekha.

Odile anatsegula pang'ono, fungo la phula n'kundimenya m'mphuno. Pakhomo panali tinsapato tiwiri ta zidzukulu zake.

"Wakutumani mwamuna wanuyo?" anafunsa.

"Ine satuma, mayi. Amuna anga adeni mpaka kumanda, sindikuletsani. Koma kanunkhidwe aka ndimakadziwa, ndakhala ndikukachapa moyo wanga wonse. Tianato timagona chipinda chiti?"

Maso ake anapita kudenga, kuchipinda cham'mwamba momwe chumuni chimadutsa.

"Ana anga amachisesa," anatero.

"Amasesa pomwe burashi ikufika. Kuseri kwa chitofuko analowako ndani?"

Anagwira chitseko kuti atseke. "Loweruka. Koma asandilankhule."

Loweruka tinafika kukuwomba kamphepo koluma makutu. Tinayala nsalu pansi, n'kukoka chitofu chija, cholemera ngati ng'ombe yakufa. Titachisuntha, phula linakhuthuka lokha, zidutswa zonyezimira, ndowa zitatu. A Norbert anaunika m'mwamba ndi tochi. Anandikodola. Njerwa zinali zitang'aluka, ndipo pamng'alupo pankaoneka thabwa la nyumba litapserera. Moto unali utayakapo kale m'menemo n'kuzima wokha, mwini wake osadziwa.

Poti anawaletsa kulankhula, anangomupatsa Odile tochiyo. Mayiyo anagwada movutikira, nasuzumira. Atadzuka anakakhala pampando.

A Norbert anamata ming'alu ija, nacheka chitseko chachitsulo cha pakhosi pa chumuni kuti paipi idutse. Kenako inafika nthawi yomwe ndinkaiopa. Anakwera pang'onopang'ono, phazi lililonse kulipempha kaye, paipi itakulungidwa ndi chofunda chake chosunga kutentha ikukwawa pambuyo pawo.

"Mukagwa musayembekeze kuti ndikuwakhani!" ndinakuwa.

"Gwirani makwerero, amake Denise, pakamwa mupumitse," anayankha. Mawu anali awo, koma mpweya unali wochepa.

Atakhazikika ndinathamangira m'nyumba kukakoka chingwe chomwe anamangirira kunsonga ya paipi. Iwo akukankha kumwamba, ine ndikukoka pansi. Pakati penipeni inakanirira. Ndinakoka mpaka mapewa kuwawa, osasuntha. Kudenga kunali zii. Ndinaitana kawiri, osayankha. Kenaka ndinangoona manja ena agwira chingwe pamwamba pa anga. Anali Odile.

"Kokani, mayi inu," anatero mokalipa. "Mukufuna afere padenga panga?"

Tinakoka tonse, paipi n'kutsika, mwaye uli thoo kumaso kwathu. Patapita kanthawi tinamva a Norbert akukhosomola kumwamba.

Mwambo wa a Norbert ndi wakuti moto woyamba amayatsa okha, n'kutuluka kukaona utsi. Atalumikiza paipi ndi kubwezera chitofu, anatulutsa machesi. Odile anatambasula dzanja.

"Moto wa m'nyumba muno simuyatsa ndinu, a Daigle. Ndakulolani chifukwa cha ana aja. Musaganize kuti pali china."

Anamupatsa machesiwo ndi manja awiri, natuluka. Ndinawapeza ataima pamsewu, khosi lili m'mwamba. Utsi unkakwera wowongoka, wopyapyala, monga umayenera kukhalira. Ine ndinalira, sindibisa, ndipo theka la misoziyo linali mkwiyo. Munthu wakwera denga ndi chizungulire, ngakhale kapu ya madzi osamupatsa!

M'galimoto ndinawagwira bondo. "Zatha tsopano, bambo ake Denise. Zonse makumi atatu. Mupume."

Analiza injini, maso ali kutsogolo.

"Zinali makumi atatu ndi imodzi," anatero.

Makwerero tinapatsa mkamwini wathu. Chipale chinagwa sabata yotsatira. M'mawa uliwonse amatengabe makiyi, koma sadutsanso kwa Odile. Amapita kumsewu wa kumtsinje, pomwe panali nyumba ya Lucien, n'kuimika galimoto. Pamalopo panamera mitengo, ndipo chatsala chiimire ndi chumuni chokha.