Deputado ndi manda a mlongo wake

Mlamu wanga, mlongo wa malemu mkazi wanga, anakhala deputado, ndiye kuti phungu, mu asembuleya, nyumba ya malamulo ya ku Tete, zaka zimene malasha anayamba kukokera anthu ku Moatize. Tinadziwana ku Malawi kothawa nkhondo, komwe ankaphunzitsa katekisimu. Mtendere utabwera, iye anakwera kwawo ku Zóbuè kukalima kachewere. Ine ndi mlongo wakeyo tinatsikira m'mbali mwa Revubwe, komwe ndinkaumba njerwa. Mkazi wanga anamwalira komweko, ndipo tinamuika m'manda a m'mudzimo.

Mlamu anali munthu wa zakale, ndipo sankabisa. Jekete sankavula ngakhale dzuwa la ku Tete liphe mbuzi. Mu asembuleya ankadzudzula mabala a mowa amene anamera ku dera la 25 de Setembro, ankadzudzulanso anyamata otseka njanji pokwiya. Ankati boma umayamba walimvera, kudandaula pambuyo. Sindinkagwirizana naye pa zonse, koma sindinamuonepo akunena china Lamulungu, china Lolemba.

A boma atatiuza kuti mudzi wathu usamukira ku Mualadze chifukwa pansi pathu panali malasha, iye anavomereza. Anthu anamutukwana pamsika. Inenso mtima unandiwawa, koma ndinangoti tione.

Kenako inabwera nkhani ya manda. Amene analembedwa ntchito yosamutsa akufa anati abwera ndi makina okumba ndi antchito awo. Kwathu sizitero. Manda amakumba ndi adzukulu, anthu a banja lina amene mumaikirana maliro, ndipo pokumbapo amaseka anamfedwa mpaka misozi iphwe. Munthu wosadziwika sagwira mafupa a mnzako.

Mlamu anabwera pa shapa, minibasi ya kuno, nakhala pa mulu wa njerwa zanga.

"Alamu, mwaonda. Mumadya dothi lomweli?"

"Dothi mwagulitsa, a deputado. Ndidya chiyani?"

Anaseka pang'ono, kenako ananena chimene anadzera. Popeza manda akufukulidwa, iye ngati mwini mbumba anafuna kutenga mlongo wake kuti akagone pafupi ndi mayi awo ku Zóbuè. Mwambo unali mbali yake. Mkamwini alibe mawu pa mafupa a mkazi wake. Koma Zóbuè ndi kutali ndi Mualadze, ndipo ndinadziwa kuti akapita kumapiriko ndidzamuona kamodzi pachaka, mwina osamuona n'komwe.

"Mafupa ndi anu, alamu, sindikana," ndinatero. "Koma wosesa pamandapo ndine."

Anasasa fumbi pa jekete napita.

Za makinawo anazitengera ku asembuleya. Ananena koyamba, anamuuza kuti nkhani yamveka. Ananenanso, anzake a chipani anamukokera pambali kuti asachedwetse chitukuko ndi za mizimu. Iye anawayankha kuti si za mizimu ayi, ndi za ulemu, ndipo anthu amene amvera boma mpaka kusiya minda yawo sangalandidwenso adzukulu. Anapitiriza kunena mpaka anthu ankati akaimirira, ena amatuluka kukamwa madzi.

Makina anabwerabe. M'mawa umenewo tinasonkhana kumanda, osadziwa chochita. Mlamu anatsika shapa pamsewu, nayenda pansi kudutsa pakati pathu, nakaima pamanda a mlongo wake, chipewa m'manja. Mayi wina wachikulire wa banja la adzukulu athu sanamulekerere.

"A deputado, mwayamba kutseka njira inunso? Tiitane apolisi?"

"Sindinatseke njira, mayi. Njira ndi iyo. Ndaima pa mlongo wanga."

"Vulani jekete, mungatifere pano, tikumbe awiri."

Anthu anaseka, ndipo woyendetsa makina anazimitsa injini. Mkulu wa antchitowo anadza mwaulemu, nati manda a achibale a deputado akhoza kukumbidwa ndi manja, enawo makina apitirize. Mlamu anapukusa mutu. Anati mlongo wake anagona pakati pa anthu amenewa, ndipo adzadzuka monga iwo. Anaima pomwepo dzuwa mpaka kufika paliwombo, thukuta likudontha m'chibwano. Ife tinakhala pansi kumbuyo kwake, amayi akuimba nyimbo za kutchalitchi motsitsa. Madzulo ake mlamu ndi mkulu uja anagwirizana kuti adzukulu akumbe, makina angonyamula.

Ntchito inatenga nthawi. Tsiku la mkazi wanga litafika, ndinaima patali monga wamfedwa amayenera. Adzukulu anamukulunga m'nsalu yatsopano, namuika m'kabokosi. Mayi uja anatembenukira kwa mlamu, osati kwa ine.

"Eni mbumba, katunduyu akulowera kuti? Kumapiri kapena kuchipululu kwa mkamwini wanu wosaukayu?"

Ndinayang'ana pansi. Ndinali nditapemphera, koma sindinapemphe kuti Mulungu amupotoze mtima, chifukwa nayenso anali ndi mayi ake omudikira kumeneko.

Mlamu anayang'ana kabokosi kaja. Kenako anati, "Moyo wanga wonse ndauza anthu kuti banja silipasulidwa. Ndiyambe ine kupasula la mlongo wanga? Apite kwa mwamuna wake."

Pa chisankho chotsatira, chipani sichinamuimikenso. Sanadandaule pagulu, ndipo mpaka lero salola munthu kunyoza boma pakhomo pake. Anabwerera ku kachewere wake ku Zóbuè. Ena ku Mualadze amamunenabe kuti ndiye anavomera kuti tichoke kumtsinje, ndipo sanama. Ena amakumbukira jekete lija padzuwa. Ine ndimasunga zonse ziwiri.

Tsiku lokumbukira akufa mlamu amabwera, tsopano ndi ndodo, atanyamula mbande ya mtengo wa kumapiri kuti mlongo wake akhale ndi mthunzi wa kwawo. Nthaka ya kuno ndi youma, ndipo mbande zoyambazo zinafa. Ndinamuuza kuti mitengo ya ku Zóbuè sigwira kuno. Anati ndiye ndiwonjeze madzi. Imene ilipo panoyi yafika m'chiuno. Mjigo uli patali, miyendo yanganso yayamba kukana, koma m'mawa uliwonse chigubu choyamba chimapita kumanda, chachiwiri ndiye cha pakhomo.