Mawu a Noreen pa Timiphika ta Kendra

Anzanga, ndinakumana naye pamsika wa Loweruka kuno ku Spokane, Khirisimasi itayandikira. Dzina lake Kendra. Patebulo pake panali makandulo onunkhira, makapu olembedwa mawu ndi timabokosi ta mphatso. Ine ndinkafuna kanthu kotumizira mlongo wanga.

Ndinanyamula kandulo, n'kuibweza. Ndinanyamula ina, n'kuibwezanso.

"Bambo, mukapitiriza kununkhiza choncho, ndiyamba kulipiritsa mphuno," anatero.

Ndinaseka. Chimwalirireni mkazi wanga Noreen, anthu ankandilankhula motsitsa mawu ngati wodwala. Uyu yekha ndiye anandinyogodola, ndipo ndinakonda zimenezo.

Ine ndimasintha matayala pagalaja ina. Iye bizinesi yake anaiyambira kukhitchini kwa mayi ake, ndipo panthawiyo anali atapeza kachipinda kake kogwiriramo ntchito m'tauni. Akaweruka kusukulu, achinyamata ankabwera kudzaphunzira kusungunula phula ndi kukulunga mphatso. Ankamutcha Miss Kendra, ndipo akalankhula ankamuyang'ana ngati mneneri.

Ndinamukhomera mashelefu. Ndinkamunyamulira makatoni papikapu yanga. Iye ankandibweretsera madonasi kugalaja, n'kumanditcha nkhalamba pamaso pa anzanga, chonsecho ndimamuposa ndi zaka zochepa chabe. Ndisaname, tinkakondana, kapena kuti ine ndinkakonda.

Chimene ankachitha kwambiri ndi kumvetsera.

Tsiku lina tili kuseri kwa nyumba yanga, anandifunsa chifukwa chimene ndimabzalira tomato wambiri chonsecho ndimangogawira anansi. Ndinamuuza chimene ndinali ndisanauzepo munthu. Tsiku lomaliza kuchipatala, khansa itamumaliza, Noreen anatsegula maso. Ine ndinawerama, kuyembekeza mawu akuluakulu. Iye anangoti, "Wendell, usaiwale kuthirira tomato." Sanalankhulenso.

Kendra analira, n'kundigwira dzanja. Lero ndikudziwa kuti m'mutu mwake anali atayamba kale kusankha mtundu wa penti.

Sukulu zitatsegulira, anaitanidwa kukalimbikitsa ana a kusekondale ina pa za bizinesi. Anandiuza kuti ndipite, ndivale malaya abuluu aja. Ndinakhala kumbuyo kwa holo.

Analankhula bwino, pamenepo sindingamunamizire. Anawauza kuti anthu sagula kapu, amagula nkhani imene ili pakapupo. Kenako anavundukula nsalu patebulo. Panali timiphika tadothi tobzalamo maluwa, topaka penti yoyera, ndipo kalikonse kanali ndi mawu obiriwira: Usaiwale kuthirira tomato.

Pakhoma panaoneka chithunzi cha Noreen, chomwe chija chimakhala pafiriji yanga.

Anafotokoza nkhani yonse, chipatala, khansa, kuwerama kwanga. Atafika pa mawuwo anapumira kaye, n'kupukuta diso ndi chala chimodzi, mosamala kuti zodzola zisafufutike. Munthu salira mwaudongo choncho ngati sanayeserere pagalasi.

"Wendell, wokondedwa, taimirira akuone."

Anzanga... ndinaimirira. Holo yonse inaomba m'manja. Sindinadziwe poika maso.

Mtsikana wina anakweza dzanja. Anati agogo ake aamuna anamwalira mwezi watha, ndiye ankafunsa ngati angaike zimene ankakonda kunena pa zibangili zimene amapanga. Kendra anamuloza monyadira.

"Mwamumva mnzanuyu? Uyu wayamba kuganiza ngati wabizinesi!"

Izi ndizo ankaphunzitsa ana a eni.

Panja, poimika magalimoto, ndinamufunsa ngati anaganizapo zondipempha kaye.

"Ndikanakufunsa ukanakana. Iwe umakana chilichonse, ngakhale khofi wamtundu wina."

Anapitiriza kuti Noreen wamulemekeza, kuti tsopano azikhala pamawindo a nyumba zambirimbiri, kuti chisoni chotsekera m'kabati sichithandiza munthu. Ankalankhula ndi mawu omwe aja a m'holo, ngati maikolofoni akadali nayo m'manja.

Ndinamupempha kuti asiye kugulitsa timiphikato. Anati sitolo ina ya ku Seattle yaitanitsa kale, ndipo achinyamata amene amawaphunzitsa aja alemba mawuwo ndi manja awo, ndiye akawauza chiyani. Zikavuta ankathawira kumbuyo kwa ana nthawi zonse.

"Mawu amenewo ananena kwa ine, Kendra. Kwa ine ndekha."

"Wendell, ndi tomato chabe. Aliyense angathe kunena za tomato."

Mphindi zochepa m'mbuyomo, tomato yemweyo ankamuliza pamaso pa holo yonse.

Sindinakalipe. Ndinatsitsa makatoni ake papikapu, n'kuwasanja bwinobwino pambali pa galimoto yake. Ndinachotsa kiyi wa kachipinda kake pamakiyi anga, n'kumuika pamwamba pa katoni. Anandiuza kuti ndikuchita zachibwana, ndipo ndikaganiza bwino ndidzamuthokoza. Kumbuyo kwake kunali mphunzitsi wina amene ankadikira kuti agulire anzake timiphika. Kendra anatembenukira kwa iye, nkhope itawala kale.

Ndikumva kuti bizinesi ikuyenda bwino, walemba antchito, ndipo sukulu zikumulimbirana. Ena mwa inu mwina muli nako kamphikako pawindo. Sindikukudani, munagula chimene anakugulitsani.

Koma ndikakhala ndekha, n'kutseka maso kuti ndimve Noreen akunena mawu aja, amene ndimamva ndi Kendra, akupumira pamalo pake pomwe paja. Ngakhale atasiya kugulitsa mawa, zimenezi sangandibwezere.

Munthu akamakumvetserani bwino kwambiri, anzanga, muzidzifunsa kumene akupita nazo zimene mukumuuzazo.