Gumbagumba ya Abambo pa Masipika a Amalume

Mbaleyo inali yakuda bii, yaikulu ngati chivindikiro cha poto, ndipo inali ndi chipsera. Chinali kamzere koyera kodutsa chopingasa, kotalika ngati chikhadabo, chapakati pa nyimbo yoyamba. Kapepala kapakati mphemvu zinali zitadya kalekale, moti dzina la woyimba sitinalidziwe, ndipo chinenero chake chinali cha ku Joni kumene abambo anagwirako ntchito m'migodi ali mnyamata. Kumeneko anabwerako ndi zinthu ziwiri: chifuwa chimene chinadzawapha, ndi gumbagumba, bokosi lathabwa loyimba mbale, loyendera mabatire.

Singano ikafika pachipsera paja inkakakamira. Woyimba ankangobwereza mawu amodzimodzi ngati mwana wopempha chinangwa. Abambo, kaya akusoka mphasa pansi pa mtengo wa mango, kaya ali kuseri kwa nyumba, ankadzuka, kulowa akukhosomola, n'kunena kuti, "Basi yaima pa Migowi, otsika atsike." Akatero ankakankha mkono wa singano ndi kachala kakang'ono, nyimbo n'kupitirira. Ntchito imeneyi inali yawo okha, wina aliyense sankaigwira. Amayi ankati nthabwalayo inasukuluka kalekale, koma nthawi zonse ankaseka ndithu.

Gumbagumba inayamba kudwala abambo asanagone pamphasa. Mabatire anavundira m'kati, sipika yake n'kutseka pakamwa. Mbale inkazungulira bwinobwino, koma kuti umve kanthu unkayenera kuika khutu pafupi ndi singano, n'kumamva timawu tating'ono ngati kulira kwa udzudzu. Abambo ankati akachira adzaitengera kwa okonza mawailesi. Anamwalira m'dzinja, chimanga chikumasula, ine ndili sitandade faifi.

Kwathu kumunsi kwa phiri la Michesi mwamuna amakhala kwa mkazi. Abambo anali mkamwini, kwawo kunali kutsidya kwa mpata wa Fort Lister, mbali ya Mulanje. Mwamuna akafa, mkazi amavala zakuda ndipo m'nyumba mwake simumveka nyimbo, mpaka akuchimuna adzabwere kudzamusudzula, ndiko kumumasula kuti ukwati watha. Tsiku lomwelo amatenga katundu wa m'bale wawo kubwerera naye kwawo. Onani tsono pamene panali mfundo: tsikulo lisanafike gumbagumba sinkaloledwa kuyimba pakhomo pathu, ndipo likangofika inali yopita. Mpata unali kanthawi kochepa koti alendo adye ndi kumanga katundu panjinga.

Uthenga unabwera m'nyengo yachisanu, chiperoni chitaphimba phiri, kuti akuchimuna adzafika nandolo akauma. Amayi anaumva akusenda chinangwa cha makaka. Sanadzutse mutu. Anangoti, "Ndikanangoimvako kamodzi isanapite." Sananenenso kachiwiri nyengo yonseyo, koma amalume anali pomwepo ndipo anamva.

Amalume anali mchimwene wamng'ono wa amayi, munthu wosakhazikika, wolankhula manja ali m'mwamba. Anali atangobwera kuchokera ku Limbe ndi chimene ankachitcha homuthiyeta: kabokosi kaphwatalala konyezimira, timasipika tisanu, ndi sipika ina yaikulu imene inkagunda mpaka m'chifuwa mwako. Anamanga chisakasa cha masaka pamsika, kugula jenereta yaing'ono, n'kumaonetsa mafilimu a nkhonya. Masiku amenewo chinthu chotero chinali chachilendo, anthu ankayenda mtunda kudzangochiona.

"Achemwali, makina angawa amayimba chilichonse," anatero amalume. "Ndiye iwakanike mbale yamakedzana?"

Amalume ndimawakonda mpaka lero, koma kunena zoona, pakamwa pawo pankathamanga kusiya mutu m'mbuyo. Anakulunga gumbagumba m'chitenje ngati akubisa nkhuku yakuba, n'kupita nayo kumsika, poti kumeneko phokoso silidabwitsa munthu. Mbale yachipsera ija amayi anaikaniza, anaibisa pansi pa zovala m'dengu. Amalume anangotenga mbale zina zoyesera.

Kuyambira pamenepo ine m'kalasi munkanditentha. Belu likangolira ndinkathamangira kumsika, fumbi lili kobo, kope lili m'khwapa. Vuto loyamba linali loti kumbuyo kwa gumbagumba kunalibe bowo lililonse lolowetsapo waya. Amalume anaitembenuza uku ndi uku, kuigogoda, kuinunkhiza, kenaka anaitsegula ndi mpeni. M'katimo munkanunkha mabatire ovunda ndi zitosi za mphemvu. Anapeza timawaya toonda ngati tsitsi tochokera kumkono wa singano, n'kutidula. Anadulanso chingwe chawo cha mitu itatu, wofiira, woyera ndi wachikasu, kusenda ndi mano, n'kupotokola zonse pamodzi.

Analowetsa mutu wachikasu, zii. Analowetsa wofiira ndi woyera, ndipo m'masipika munatuluka kulira kwa njuchi, mvuuu, kosalekeza. Pansi pa njuchizo, kutali kwambiri, munthu ankayimba ndi mawu oonda ngati ali m'chitsime. Amalume anakweza voliyumu mpaka pamapeto, koma zimene zinakula ndi njuchi zokha. Kunja anyamata ankamenya masaka, kufuna filimu yawo, amalume n'kumawakalipira kuti lero makina akupuma.

Masabata anatha choncho. Chisanu chinapita, mphepo yafumbi inayamba, nandolo m'minda anayamba kufiira makoko. Ndikamadutsa m'munda mwathu ndinkafinya khoko limodzi kuti ndione ngati lauma, ndipo ndinkakwiya nalo ngati likuchita dala. Kenaka lamba wozungulitsa mbale anatamuka, woyimba n'kuyamba kukoka mawu ngati chidakwa chobwerera kumowa. Amalume anadula mphira ya chubu cha njinga. Lamba woyamba anali wonenepa, wachiwiri anaduka, ena sindikumbuka, pansi ponse panali tizidutswa ta mphira. Chimene chinkandidya kwambiri chinali singano. Inali imodzi yokha, ina sukanaipeza m'Phalombe monse, ndipo kuyesa kulikonse kunkaidya pang'ono.

Amayi sankafunsa mwachindunji. Ndikafika kunyumba ankangoti, "Kumsika kuli bwanji?" Ine n'kuyamba kulongosola za mawaya ndi njuchi, iwo akupeta, ngati sakumva. Koma pakhomo ankasesa kawiri, madzi ankatunga mitsuko ili yodzaza kale, ndipo akamapita kuchigayo ankadzera njira yaitali yodutsa kuchisakasa cha amalume. Ankadutsa ndi zakuda zawo, thumba pamutu, osacheuka. Liwiro lokha ndi limene linkachepa akafika pamenepo.

Tsiku lina aphunzitsi athu analowa m'chisakasamo kudzatchajitsa foni. Anali ochokera kumpoto, aatali, olankhula Chichewa chosamala ngati akuyenda pamatope. Atandiona anati, "Kani homuweki yako imathera kuno?" Ndinafuna kulowa pansi. Koma anamvetsera njuchi zija, mutu uli chopendekeka, n'kunena kuti gumbagumba ya atate awo kwawo inali ndi waya wopita m'nthaka.

"Aphunzitsi, izitu si za choko," anatero amalume.

Aphunzitsi anangoseka, n'kumapita. Asanakhote n'komwe, amalume anali atatola kale khasu lakutha. Anamangirira waya kuchitsulo cha gumbagumba, mbali ina kukhasulo, kulikwirira kuseri kwa chisakasa, n'kuthirapo madzi. Njuchi zinathawa nthawi yomweyo. Amalume sanavomerepo kuti nzeruyo anapatsidwa, mpaka lero amati anali ataiganiza kale.

Panatsala mawu oonda aja. Amenewa amalume anawagonjetsa ndi mkwiyo basi. Tsiku lina atatopa, thukuta lili kamukamu, anazula chingwe kumbuyo, kudula mutu wa maikolofoni yoyimbira imene inabwera ndi makinawo, kulumikiza, n'kuubaya m'kabowo kakutsogolo. Chimene chinatuluka! Gitala anang'amba masaka, woyimba anakuwa ngati waima paphiri, mawu ake n'kumadzibwereza okha m'mbuyo. Mbuzi zimene zinagona pamthunzi zinamwazikana, amayi ogulitsa tomato anaimirira. Amalume anavina okhaokha pakati pa mabenchi, kenaka anathamanga kukachotsa singano kuti ingathe.

Madzulo ake ndinauza amayi kuti yatheka. Anasiya kupeta. Anandiyang'ana, kenaka anati, "Kaitane nkhuku zilowe."

Akuchimuna anafika m'mawa wina kukutentha kale, njinga zili mbuu ndi fumbi la mumpata. Anatsogoleredwa ndi abambo aakulu, mkulu wawo wa abambo, pamodzi ndi azakhali. Sanali anthu oipa, ndiyenera kunena zimenezi, chifukwa ndili mwana ndinkawaona ngati afisi. Anabwera kudzachita zimene makolo awo ankachita. Akuluakulu anakhala pansi pa mango n'kulankhula mawu awo, amayi achikulire anatenga amayi kupita nawo kuseri, ndipo pobwera anali atavula zakuda, atavala chitenje chatsopano cholimba ndi sitachi. Ndinawaona ngati mlendo. Pamphasa anayala katundu wa abambo: jekete, nsapato za kumigodi, nkhwangwa, zisongole zosokera mphasa. Njinga anazitsamiritsa pamtengo.

Amalume anali atatuta makina awo onse m'mamawa. Sipika ina anaika pamtondo, ina pazenera, ina pamphanda ya mango, yaikulu ija pakhonde. Khasu analikwirira pafupi ndi mtsuko. Alendo atadya, abambo aakulu anayang'ana dzuwa n'kunena kuti njira ndi yaitali, katundu amangidwe. Amalume, munthu amene sindinamuonepo akugwadira wina, anagwada n'kupempha nyimbo imodzi.

"Imodzi," anatero abambo aakulu.

Ndiye jenereta inakana. Amalume anakoka chingwe, kukoka, kukoka, malaya onse ananyowa. Azakhali anayamba kale kupinda jekete. Amalume anatsegula pulagi, kuipukuta ndi malaya, kuiuzira, kubwezera, ndipo pokoka kotsatira inatsokomola n'kudzuka, utsi wa petulo n'kudzaza bwalo.

Amayi analowa m'nyumba, natuluka ndi mbale ija. Anaipukuta ndi nsonga ya chitenje chatsopano, anaiika okha, natsitsa singano. Panamveka kuthetheka ngati nkhuni zaziwisi pamoto, kenaka nyimbo ya abambo inadzaza mudzi wonse. Sinamvekepo choncho chiyambire. Inkachokera kumtondo, kuzenera, kumtengo, konsekonse. Anthu oyandikana nafe anatuluka m'nyumba, ana anathamanga kuchokera kudambo, azakhali nawonso anayamba kugwedeza mapewa jekete lili m'manja. Amayi anakhala pakhonde, miyendo atatambasula, manja pamiyendo.

Singano inafika pachipsera.

Woyimba anabwereza mawu ake, nabwerezanso, ndipo makina a amalume ankawonjezera kubwereza kwawo pamwamba. Ana anaseka. Amalume anatambasula dzanja, kachala kali patsogolo.

"Isiyeni, achimwene," anatero amayi.

Sanakweze mawu, koma dzanja la amalume linaima m'malere. Mbale inkazungulira, mawu omwewo, omwewo. Ana anasiya kuseka. Amayi sankayang'ana gumbagumba, ankayang'ana pansi pa mango, pamene panali mphasa ndi nsapato zija. Abambo aakulu anavula chipewa n'kuyang'ana pansi. Ine mapazi ankandiyabwa, ndinkafuna kudumpha ndikakankhe ndekha, chifukwa ndinkadziwa kuti kutsogoloko ndi kumene kuli pokoma, pamene malipenga amalowa. Sindidziwa kuti zinatenga nthawi yaitali bwanji. Kwa ine zinali ngati dzuwa laima.

Kenaka amayi anadzuka. Ndinati basi, akukakankha. Koma ananyamula mkono wa singano, kuuchotsa pambale, n'kuugoneka pamalo pake. Anabwezera mbale m'chikwama chake chapepala, natseka chivindikiro.

"Mangani, alamu," anatero kwa abambo aakulu. "Kungakudereni mumpata."

Amalume anazimitsa jenereta, nadula timawaya tija ndi mpeni. Gumbagumba anaikulunga m'jekete la abambo n'kuimanga ndi mphira pakaliyala. Tinawaperekeza mpaka pamsewu. Sindinaionenso.

Pobwerera ndinali nditafufuma ndi mkwiyo. Nyengo yonse ija, mphira zonse zija, homuweki imene ndinakwapulidwira, zonsezo kuti timve theka la nyimbo? Ndinalira, osati chifukwa cha abambo, koma chifukwa cha malipenga. Ndinafunsa amayi kuti bwanji sanangokankha. Anati nditenge ndowa ndikatunge madzi.

Lero ndili ndi foni imene amati ili ndi nyimbo zonse za padziko. Ndayesapo kuifunafuna, koma ungafune bwanji nyimbo yosadziwa dzina lake? Ndikamaing'ung'udza ndikuchapa, ndimafika pa Migowi n'kuima, zakutsogolo zinandithawa.

Tsiku lija ndinapita kumjigo ndikugogoda ndowa ndi mkwiyo, ndili wotsimikiza kuti amayi aiwala kuti pamangofunika kachala kamodzi. Sindinkadziwa kuti iwo sanapemphe nyimbo ija chifukwa cha malipenga. Ankafuna ifike pamene imaima, kuti adikire kamodzi komaliza munthu wolowa pakhomo akukhosomola.